Kusintha Mawu Achimuna Kukhala Achikazi: Kuchokera Pabwalo la Gule Kufika ku Fiyeta

Mawu a munthu amapangidwa m'kholingo, kabokosi ka mafupa ofewa kamene kali pamwamba pa njira yopititsa mpweya m'mapapo. Mkati mwake muli timinofu tiwiri toyang'anizana, ndipo mpweya ukamadutsa pakati pake timanjenjemera n'kutulutsa liwu. Mwamuna wamkulu akamalankhula, timinofuti timanjenjemera pafupifupi maulendo 120 pa sekondi imodzi, pamene kwa mkazi timafika 200 kapena kupitirira. Kusiyanaku kumayamba munthu akamatha msinkhu. Mahomoni achimuna amakulitsa kholingo la mnyamata, timinofu tija timatalika ndi kukhuthala, pakhosi pamatuluka kafupa, ndipo mwana amene dzana ankaimba sopulano m'kwaya amapezeka ataimikidwa kumzere wa besi. Zikatero palibenso kubwerera. Mkazi akamalandira mahomoni achimuna mawu ake amakula, koma munthu amene mawu ake anakula kale, ngakhale amwe mahomoni achikazi kwa zaka zambiri, kholingo lake silicheperanso.

Apa ndi pamene panachokera opaleshoni yosintha mawu ya akazi a transgender, kutanthauza anthu amene anabadwa ndi thupi lachimuna koma amadzidziwa kuti ndi akazi ndipo amakhala moyo wawo monga akazi. Mankhwala amawasintha khungu, chifuwa ndi kaumbidwe ka thupi, koma mawu amatsalira. Chonsecho mawu ndiwo amatsogola. Mlendo akaodira pakhomo, a m'nyumba amakhala atamuweruza kale kuti ndi bambo kapena mayi asanamuone n'komwe, ndipo pa foni mawuwo amaimira munthu yense. Opaleshoni imeneyi yakhalapo zaka pafupifupi 50 zokha, koma kutulutsa mawu achikazi m'kholingo lachimuna ndi chinthu chakale kwambiri.

Anthu a ku Angonia, ku Mozambique, sanadikire dokotala kuti adziwe kuti khosi lachimuna lingathe kutulutsa mawu aang'ono. Boma limeneli, lomwe likulu lake ndi Ulongwe, tawuni imene Apwitikizi ankaitcha Vila Coutinho, ndi la Achewa pamodzi ndi Angoni a kwa Maseko amene anakhazikika mozungulira phiri la Domwe m'zaka za m'ma 1800. Malire a ku Dedza anangodula pakati pa anthu amodzi, ndipo gule wamkulu amavinidwa tsidya ili ndi tsidya lina. Chilombo chikatuluka kudambwe sichilankhula ngati munthu wa m'mudzi. Mawu ake amakhala aang'ono, othina, ochokera pamwamba pa khosi, kuti aliyense amve kuti wafikayo ndi wa kumizimu. Kapoli ndiye katswiri pa luso limeneli: amayambitsa nyimbo ndi kamawu kothetheka, amayi n'kumavomera akuwomba m'manja. Palinso zilombo zachikazi, monga Maliya, amene anatulukira pa nthawi imene amishoni Achikatolika ankalimbana ndi Nyau. Iyeyu amabwera pabwalo atavala ndi kuyenda ngati mzimayi, ngakhale kuti dambwe ndi la amuna. Zigoba zambiri za gule zikusungidwa ku Chamare Museum pa Mua m'boma la Dedza, kumene Bambo Claude Boucher Chisale anakhazikitsa malo a zachikhalidwe a Kungoni mu 1976, ndipo mu 2005 bungwe la UNESCO linalengeza gule wamkulu kukhala chuma cha anthu onse m'dzina la Malawi, Mozambique ndi Zambia.

Gule sayenera kusokonezedwa ndi nkhani ya akazi a transgender. Chilombo ndi cha mizimu ndi mwambo, ndipo ng'oma zikaleka mawu aja amabwerera kudambwe. Komabe gule amaonetsa chinthu chimodzi chimene madokotala anadzachitsimikiza pambuyo pake: mawu aang'ono otere amatheka pokoka minofu ya pakhosi mwamphamvu, ndipo minofu yokokedwa imatopa. Munthu angathe kuimba motero madzulo amodzi. Kudzuka nawo mawuwo, kunenerera nawo mtengo wa mbatatesi pamsika, kuitana nawo mwana ali kutali, kuseka nawo ndi kulira nawo pamaliro, tsiku ndi tsiku kwa moyo wonse, ndi nkhani ina.

Ku Italy, pofuna mawu aang'ono okhalitsa, anasankha njira yankhanza. Popeza akazi sankaloledwa kuimba m'kwaya za tchalitchi, kuyambira m'zaka za m'ma 1500 anyamata a mawu okoma ankafulidwa asanathe msinkhu kuti kholingo lawo lisakule. Mu 1589 Papa Sixtus V anakonzanso kwaya ya tchalitchi cha St Peter ku Rome n'kuikamo oimba oterewa. Ochepa, monga Farinelli amene anabadwa mu 1705, anatchuka ndi kulemera. Ochuluka anali ana a anthu osauka amene anapunduka pachabe, osamvekanso. Mchitidwewu unazilala m'zaka za m'ma 1800, ndipo mu 1903 Papa Pius X analamula kuti mbali zokwera za nyimbo ziziimbidwa ndi anyamata aang'ono. Alessandro Moreschi, mmodzi mwa omaliza, anajambulitsa mawu ake mu 1902 ndi 1904 ndipo anamwalira mu 1922. Pa zonsezi mwana sankafunsidwa. Opaleshoni ya masiku ano yasiyana nazo pa mfundo yaikulu, yakuti wopempha ndi munthu wamkulu ndipo mawu amene akufuna kusintha ndi ake.

Kuti dokotala akonze kholingo anayenera kuyamba waliona. Mu 1854 mphunzitsi wa kuimba wa ku Spain, Manuel García, anaika kagalasi ka dokotala wa mano kumapeto kwa m'kamwa mwake, n'kuwalitsamo dzuwa ndi galasi lina, ndipo anaona timinofu take tikutseguka ndi kutsekeka. Ludwig Türck ku Vienna ndi Johann Czermak ku Pest anatengera kagalasiko m'chipatala patangopita zaka zochepa. Mu 1873 Theodor Billroth anachotsa kholingo lonse la munthu wodwala khansa. Kwa zaka pafupifupi 100 zotsatira, ntchito ya dokotala wa pakhosi inali yochotsa matenda. Ngati mawu apita nawo, bola moyo. Zinthu zinasintha m'zaka za m'ma 1960 pamene Oskar Kleinsasser ku Germany anayamba kuchita opaleshoni ya kholingo kudzera m'kamwa akuyang'ana pa maikulosikopu, ndipo mu 1972 Stuart Strong ndi Geza Jako ku Boston anabweretsa kudula ndi kuwala kwa laser. M'zaka zomwezo Minoru Hirano wa ku Kurume, Japan, anaonetsa kuti kamnofu ka mawu kali ndi chikuto chofewa pamwamba pake, ndipo chikutocho ndicho chimagwedezeka kwambiri. Chikachita chipsera chimauma, mawu n'kusasa mpaka kalekale. Malamulo onse okhwima amene wodwala amapatsidwa akatuluka ku fiyeta akuteteza chikuto chimenechi.

Opaleshoni zina za anthu a transgender zinali zitayamba kale. Magnus Hirschfeld anatsegula chipatala ndi malo ofufuzira nkhani zimenezi ku Berlin mu 1919, Dora Richter anachitidwa opaleshoni mu 1931, ndipo otsatira chipani cha Nazi anasakaza malowo mu 1933. Christine Jorgensen anamveka dziko lonse mu 1952 atachitidwa opaleshoni ku Denmark, ndipo kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 Georges Burou ankalandira anthu ochokera kutali ku Casablanca, muno mu Africa. Onsewa ankakonza thupi. Mawu ankangomusiyira mwini wake kuti aone chochita.

Woimba kaligo amadziwa kuti chingwe chimalira mawu aang'ono pa zifukwa zitatu: chikakungika, chikafupika, kapena chikakhala chopyapyala. Njira zonse za opaleshoni yosintha mawu zagona pa zitatu zomwezi.

Njira yokunga ndiyo inayamba. Mu 1974 Nobuhiko Isshiki wa ku Kyoto anafotokoza mitundu inayi ya opaleshoni yosintha mawu pokonza mafupa ofewa a kunja kwa kholingo, osakhudza timinofu ta mkati. Pa mtundu wachinayi dokotala amacheka pakhosi, n'kukoka fupa lofewa la m'munsi looneka ngati mphete kuti liyandikane ndi lalikulu la pamwamba, kenaka n'kuwasokerera pamodzi. Timinofu timakhala tokokeka nthawi zonse, monga mmene timakhalira munthu akamaimba mokwera. Isshiki ankaganizira makamaka akazi amene mawu awo anasanduka achimuna chifukwa cha matenda kapena mankhwala okhala ndi mahomoni achimuna, koma posakhalitsa akazi a transgender anayamba kupempha opaleshoniyi. Mavuto ake anaoneka m'kupita kwa zaka. Pakhosi pamatsala chipsera, kafupa ka pakhosi nthawi zina kamaonekera kwambiri kuposa kale, mawu amataya kutsetsereka kwake n'kumamveka ngati okakamiza, ndipo mwa anthu ena ulusi umalekerera kapena minofu imatamuka, mawu n'kuyambanso kukula.

Njira yofupikitsa ndiyo inadzapambana. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 Jürgen Wendler wa pachipatala cha Charité ku Berlin anafotokoza opaleshoni imene lero imatchedwa glottoplasty, ndipo Manfred Gross anafalitsa zotsatira zake mu 1999. Wodwala amagonekedwa tulo, dokotala amalowetsa chitsulo chooneramo kudzera m'kamwa, ndipo pakhosi sachekapo. Amapala chikuto cha mbali ya kutsogolo ya timinofu tonse tiwiri, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu kapena kufika theka la utali wake, n'kusoka mbali zopalidwazo kuti zilumikizane. Bala likapola mbali imeneyo imamatana, ndipo imene imanjenjemera ndi yotsala yokha. Ntchito yonse imatenga pafupifupi ola limodzi. Hyung-Tae Kim wa ku Yeson Voice Center ku Seoul anakonza njirayi mwa mtundu wake ndipo mu 2017 anafalitsa zotsatira za odwala oposa 300. Kafukufuku wophatikiza malipoti a zipatala zosiyanasiyana wapeza kuti kufupikitsa kumawonjezera kunjenjemera ndi maulendo pafupifupi 70 mpaka 80 pa sekondi, pamene kukunga kumawonjezera pafupifupi 40.

Njira yachitatu, yopyapyalitsa timinofu ndi laser, payokha siisintha mawu kwambiri, choncho kawirikawiri imangothandizira zinazo. Somyos Kunachak ku Bangkok ndi James Thomas ku Portland, Oregon, anapita patsogolo n'kumatsegula kholingo, kudula mbali ya kutsogolo kwake ndi kulimanganso laling'ono. Imeneyi ndi opaleshoni yaikulu, ndipo zoopsa zake n'zazikulunso. Palinso kupala kafupa ka pakhosi, kumene kunafotokozedwa mu 1975. Kumeneku kumangosintha maonekedwe, ndipo dokotala akapala mopyola angawononge pamene timinofu timagwira, mawu n'kukula m'malo mochepa.

Gawo lalikulu la ntchitoyi limayamba wodwala akadzuka. Pambuyo pa glottoplasty amauzidwa kuti asatulutse liwu ngakhale limodzi kwa sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo zipatala zina zimatalikitsa nthawiyi. Kunong'ona n'koletsedwa, chifukwa kumaumiriza timinofu kuposa kulankhula mofatsa. Kuseka mokweza, kukonza kukhosi, kunyamula katundu wolemera ndi kudzikakamiza kuchimbudzi n'zoletsedwanso, chifukwa pa zonsezi timinofu timagundana mwamphamvu. Mdani wamkulu ndi chifuwa: kutsokomola kolimba kungathe kudula ulusi, bala n'kutseguka, ntchito yonse n'kupita pachabe. Nchifukwa chake wodwala amapatsidwa mankhwala oletsa kutsokomola ndi oletsa asidi wa m'mimba kukwera kukhosi, amauzidwa kumwa madzi ambiri, ndi kusiya fodya, mowa ndi tsabola. Madokotala ena amabaya botox m'timinofuto kuti tifooke kwa kanthawi bala likupola.

Malangizo amenewa analembedwa m'mizinda ya kutali, ndipo kuwatsata m'dera ngati la Angonia kungakhale mayeso aakulu. Miyezi ya June ndi July kumapiri kuno kumazizira kwambiri ndipo chimfine chimalowa nyumba ndi nyumba. Kukhitchini kuli utsi wa nkhuni, m'chilimwe fumbi la mumsewu limalowa m'galimoto, ndipo ambiri amagwira ntchito m'zigafa za fodya. Chovuta kuposa zonsezi ndi moni. Kuno munthu sadutsa mnzake osalonjera, ndipo amene wafunsidwa kuti wadzuka bwanji n'kungogwedeza mutu amayesedwa wonyada kapena wosunga chakukhosi. Odzazonda matenda amafuna kumva kuchokera pakamwa pa wodwala mmene akupezera. Munthu wosungitsa bala la m'kholingo amayenera kuyenda ndi kope ndi cholembera, kapena kulemba pa foni n'kuonetsa, kuwomba m'manja mwaulemu m'malo moyankha, ndipo koposa zonse kukhala ndi mbale womuyankhulira. Amene alibe womudikirira wotere angathe kung'ambula bala chifukwa chongoopa kuoneka wamwano kwa akuluakulu.

Tsiku loyamba kulankhula limakhumudwitsa ambiri. Mawu amatuluka osasa, ofooka, odukaduka, nthawi zina aakulu ngati akale, chifukwa timinofu timakhala tikadali totupa. Wodwala amayamba ndi mphindi zochepa patsiku, n'kumawonjezera pang'onopang'ono, ndipo dokotala amasuzumira m'kholingo ndi kamera kuti aone ngati mbali yosokedwa yagwirana ndiponso ngati sipanamere kanyama pa ulusi. Mawu amakhazikika pakatha miyezi 3 mpaka 6, ena mpaka chaka, ndipo kuimba ndi kufuula kumabwera pamapeto penipeni. Mtengo wake uyenera kunenedwa mosabisa. Ambiri amataya mphamvu ina ya mawu, kotero kuitana munthu ali kutsidya kwa dimba kapena kulankhula pa gulu popanda chimkuzamawu kumavuta. Mawu a m'munsi amapita ndithu, ndipo a pamwamba sawonjezeka kwenikweni, choncho woimba amatsala ndi malo ochepa oyendamo. Ena amatsala ndi kusasa. Timinofu tikamatana, kubwezeretsa mawu akale sikutheka.

Mpeni umasintha chinthu chimodzi chokha, kukula kapena kuchepa kwa liwu. Khutu la munthu limamvetseranso zina: kumene mawu akumvekera, kaya m'chifuwa kapena kutsogolo m'kamwa, kakwezedwe ndi katsitsidwe kake, ndi kapumidwe. Utali wa njira yochokera m'kholingo kufika pamilomo susintha ndi glottoplasty. Pa chifukwa chimenechi, kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 akatswiri ophunzitsa kalankhulidwe akhala akuphunzitsa akazi a transgender kukweza kholingo, kusuntha lilime ndi kufewetsa kayambidwe ka mawu popanda kupweteka khosi. Ambiri amakhutira ndi maphunzirowa osafunanso opaleshoni, ndipo amene achitidwa opaleshoni amawafunabe, chifukwa minofu inazolowera kuyendetsa timinofu tatitali. Malangizo a mu 2022 a bungwe la WPATH, loona za umoyo wa anthu a transgender, ali ndi mutu wonse wa mawu, ndipo amalimbikitsa maphunziro amenewa opaleshoni isanachitike kapena itachitika. Chichewa chili ndi vuto lake pamenepa, poti ndi chinenero chimene kukweza kapena kutsitsa liwu kumasintha tanthauzo ndi nthawi ya mneni. Njira yokunga ija, imene imamanga minofu yosinthira liwu, ingamulande wolankhula chida chimene amachigwiritsa ntchito m'chiganizo chilichonse.

Opaleshoniyi imachitika m'mizinda yowerengeka ya ku Europe, Asia ndi America, ndipo ndalama zake pamodzi ndi ulendo n'zoposa zimene mlimi wamba wa ku Angonia angapeze. Chipatala cha ku Ulongwe chimatumiza matenda ovuta ku chipatala chachikulu cha ku Tete, mtunda wa makilomita oposa 200, ndipo madokotala a makutu, mphuno ndi khosi ndi ochepa kwambiri m'chigawo chonse chino. Ku Malawi, Wakisa Mulwafu wa ku Queen Elizabeth Central Hospital anakhala zaka zingapo ali yekha pa ntchitoyi, ndipo ochepa amene alipo atanganidwa ndi khansa ya pakhosi, zotupa ndi ana osamva. Ku South Africa, kumene lamulo la mu 2003 limalola munthu kusintha zolembedwa pa chiphaso chake, chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town chimathandiza anthu a transgender, koma mzere wodikira opaleshoni ndi wa zaka zambiri.

Lamulo nalo limasiyana mbali ziwiri za malire a Calomue ndi Dedza. Mozambique inatengera kwa Apwitikizi malamulo a milandu a mu 1886, amene anali ndi ndime zolanga makhalidwe otchedwa otsutsana ndi chilengedwe, ndipo ndimezo zinachotsedwa pamene malamulo atsopano anayamba kugwira ntchito mu June 2015, ngakhale kuti bungwe la Lambda, loteteza ufulu wa anthu amene ndimezo zinkawakhudza, limene linayamba mu 2006, lakhala zaka zambiri likudikira kulembetsedwa ndi boma. Ku Malawi ndime 153 ndi 156 za malamulo a milandu, zolanga makhalidwe otere, zikadalipo, ndipo zagwiritsidwa ntchito pa akazi a transgender. Tiwonge Chimbalanga, amene anauza anthu poyera kuti iye ndi mkazi, anamangidwa pamodzi ndi Steven Monjeza mu December 2009 atachita chinkhoswe ku Blantyre. Anawalamula kukakhala kundende zaka 14 mu May 2010, Pulezidenti Bingu wa Mutharika anawakhululukira mwezi womwewo, ndipo Chimbalanga anakakhala ku South Africa. Lamulo la ukwati la mu 2015 limati munthu ndi mwamuna kapena mkazi malinga ndi mmene anabadwira, ndipo mu June 2024 bwalo loona za malamulo aakulu a dziko linakana pempho la Jana Gonani, mkazi wa transgender, ndi munthu wina loti ndime zija zithetsedwe. M'malo otere mawu a besi otuluka mwa munthu wovala chitenje angamuitanire chipongwe, kumenyedwa kapena apolisi. Amene amayesa opaleshoniyi ngati yongodzikongoletsa sanaganizire mbali imeneyi. Bungwe la World Health Organization linachotsa kukhala transgender pa mndandanda wa matenda a maganizo mu 2019.

Pali chinthu china chimene chimatsatira wochitidwa glottoplasty moyo wake wonse. Khomo la mpweya pakati pa timinofu limakhala lochepa kuposa kale. Tsiku lina akadzachita ngozi pamsewu kapena kudwala matenda ofuna opaleshoni ina, kaya ku Ulongwe, ku Tete kapena ku Dedza, wogoneka odwala tulo ayenera kudziwa zimenezi kuti alowetse paipi yaing'ono, apo ayi angang'ambe mbali yosokedwa ija kapena kuvutika kumupatsa mpweya. Choncho wodwalayo amayenera kusunga kalata ya dokotala wake ndi kuulula mbiri yake kwa ogwira ntchito m'chipatala amene sanawaonepo, ndipo ogwira ntchitowo ali ndi udindo womusungira chinsinsi ndi kumuthandiza monga wodwala wina aliyense.